Maganizo a gemu yathu amwazikana pa Discord, tiwasunge bwanji?

Wowerenga wina watitumizira imelo, ndipo mwachidule akuti: "Tilipo anayi, tikupanga gemu yaing'ono ya 2D mu Godot, pulogalamu yopangira magemu. Maganizo timangoponya pa Discord (pulogalamu yochezerana), ena m'mavoice note, komanso tili ndi chikalata cha masamba 40 pa Google Docs chimene palibe akuchitsegulanso. Sabata yatha takangana za kulumpha kawiri m'malere, nkhani imene tinaimaliza miyezi itatu yapitayo. Tigwiritse ntchito pulogalamu iti?"

Za pulogalamu tinena kumapeto. Malinga ndi zimene mwafotokozazi, mwaunjika pamodzi zinthu zitatu zosiyana: maganizo amene angobwera kumene, zimene munagwirizana, ndi mmene gemu ikuyendera lero. Chilichonse mwa zitatuzi chipatseni malo akeake.

Maganizo atsopano sachedwetsa. Akhale ndi khomo limodzi lokha, mwachitsanzo mndandanda umodzi pa bolodi ya Trello, pulogalamu yosanjira ntchito pa makhadi. Ganizo lililonse likhale pa khadi yake, ndi mizere itatu basi: wosewera azichita chiyani, zikuthetsa vuto lanji, wabweretsa ndani komanso liti. Wojambula voice note ndiye alembe khadiyo tsiku lomwelo, chifukwa mawu a m'voice note sungawasake ndi search. Macheza osawadalira: pa Discord ganizo labwino limakwiririka ndi nthabwala pofika madzulo, ndipo Slack yaulere, pulogalamu ina yochezerana, imabisa mauthenga opitirira masiku 90. Mukajambula pa pepala, tolani chithunzi n'kuchipatsa dzina loyamba ndi deti, ngati 2025-03-14_kulumpha.png, kuti mafayilo azindandalika okha.

Kamodzi pa sabata khalani pansi mphindi 30 muwapete makhadiwo. Khadi iliyonse ipite kumodzi mwa malo atatu: kukayesedwa, kukadikira, kapena kumanda. Zoyesedwa zisapitirire ziwiri nthawi imodzi, ndipo kuyesako kusapyole masiku awiri, ndi mabokosi otuwa opanda zojambula. Zakumanda musazifufute. Lembani mzere umodzi wa chifukwa chimene mwazikanira, apo ayi ganizo lomwelo lidzauka patsogolo litavala dzina lina.

Mkangano wanu wa kulumpha kawiri wabwera chifukwa mulibe kaundula wa zigamulo, ndipo apa mpamene timu zing'onozing'ono zimapunthwa kawirikawiri. Aliyense amakumbukira kuti chinthu chinachotsedwa, koma chifukwa chake chimaiwalika msanga, ndiye aliyense amapeka chake. Olemba mapulogalamu ali ndi njira imene Michael Nygard anaifalitsa mu 2011, yolemba chigamulo chilichonse chachikulu pa kafayilo kakafupi kokhala ndi nambala. Pa gemu imagwiranso bwino. Ya inu ingaoneke chonchi:

Chigamulo 14. Tachotsa kulumpha kawiri. Chifukwa: poyesa, osewera amadumpha misampha ya m'gawo lachiwiri osaiona n'komwe. Tinayesa kutalikitsa maenje, koma gemu inalimba kwambiri kwa ongoyamba. Zokhudzidwa: maenje a gawo 2 ndi 5 achepetsedwe, animation ya kutembenuka m'malere siikufunikanso. Tidzaunikanso ngati tiwonjezera magawo okwera m'mwamba.

Mzere womalizawo ndi umene umathetsa mikangano. Wina akadzutsa nkhaniyi, funso ndi limodzi: kodi chimene tinalemba kuti chikasintha tidzaunikanso chasinthadi? Ngati ayi, ntchito ipitirire. Chigamulo chakale musachikonze ngakhale mutasintha maganizo. Lembani chatsopano, "Chigamulo 31 chalowa m'malo mwa 14", kuti mbiri ya njira imene munadutsa isasowe. Ndipo si chilichonse choyenera kulowa m'kaundulamu. Mtundu wa batani ayi. Lembani zimene mutazibweza zingawonongetse ntchito ya munthu wina ya tsiku lathunthu kapena kupitirira.

Chikalata cha masamba 40 chija chinafa imfa yodziwika. Ku kampani yopanga magemu ya id Software, Tom Hall analemba chikalata chachikulu chotchedwa Doom Bible mu 1992, koma pamene gemu ya Doom inkatuluka mu December 1993 zambiri za m'menemo zinali zitasiyidwa. Gemu imasintha mukangoyamba kuisewera, ndipo chikalata chachitali sichingathamange nayo. Wopanga magemu Stone Librande, pa msonkhano wa opanga magemu wa GDC wa 2010, analimbikitsa kuti mbali iliyonse ya gemu izifotokozedwa pa tsamba limodzi, chojambula pakati, mawu ochepa m'mbali. Kwa anthu anayi, masamba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu akwana: kayendedwe ka wosewera, adani, magawo, nkhani, mawu ndi nyimbo, zooneka pa sikirini. Tsamba lililonse likhale ndi mwini wake mmodzi, dzina lake pamwamba pamodzi ndi deti limene analikonza komaliza. Lamulo likhale lakuti ntchito siinathe ngati tsamba lake silinakonzedwe.

Manambala asalowe m'masambawa. Liwiro la wosewera, kutalika kwa kulumpha, mphamvu za mdani aliyense, zonsezi zikhale pamalo amodzi pamene gemu imawerenga mwachindunji, kaya ndi fayilo ya JSON, CSV yochokera mu spreadsheet, kapena Resource ya Godot. Tsamba likanena kuti liwiro ndi 6 pamene mu code muli 7.5, wokonza magawo amayeza maenje ndi nambala yolakwika, ndipo kuchokera tsiku limenelo palibe amakhulupiriranso tsambalo. Tsamba lingofotokoza cholinga, kuti kulumpha kuzimveka kolemera, n'kuloza kumene kuli manambala. Mayinanso muwasamale: mdani amene wojambula amamutcha "mleme", wa code "enemy_02", wa nyimbo "kouluka kaja", posaka mudzapeza zidutswa zokha. Gwirizanani dzina limodzi, lilembedwe pa tsamba la adani.

Tsopano pulogalamu. Ngati nonse anayi mumagwiritsa ntchito Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa code, ikani zigamulo ndi masamba ngati mafayilo a Markdown mu foda ya docs m'kati mwa repository (nkhokwe ya code yanu), kuti kusintha code ndi kukonza tsamba zizilowa mu commit imodzi, ndiko kuti zizisungidwa limodzi ngati kusintha kumodzi. Zithunzi zikuluzikulu zidutse pa Git LFS, chida chosungira mafayilo akuluakulu, poti GitHub, webusaiti yosungirako marepository, imakana fayilo yopitirira 100 MB. Ngati wojambula wanu Git imamuzunguza mutu, musamukakamize, Notion kapena Google Docs zigwira ntchito yomweyo bola zinthu zitatu zija zisasakanikenso.

Chikalata chakale musataye nthawi kuchikonza. Patulani masana amodzi, muwerenge limodzi, mutolemo zigamulo zimene zikadali zamoyo n'kuzipatsa manambala. Kenako lembani pamwamba pake "Chakale, musadalire", ndipo muchitseke kuti munthu azingowerenga osasintha kanthu.