Ufa umenewu ndi wa nimu kapena wa indiya?

FUNSO: Ine ndi mayi wa ku Namwera kuno ku Mangochi. Ndinagula ufa wa masamba pamsika, wogulitsa anati ndi nimu, koma apongozi anga atauona akuti iyayi mwina ndi indiya uyu, musamwetse ana. Mwana wanga wa Fomu 3 akuti kusukulu kwawo kuli maikulosikopu, makina oonera tinthu ting'onoting'ono, ndiye atha kuona kusiyana kwake. Nzoona zimenezi?

YANKHO: Mayi, apongozi anuwo achita bwino kukuimitsani, komanso mwanayo sakunama ayi. Nimu ndi indiya ndi pachibale, banja limodzi ndi mbawa, nchifukwa chake masamba ake onse ndi owawa ndiponso ali ndi manomano m'mbali. Koma indiya ali ndi poizoni, makamaka zipatso zake zija zachikasu zozungulira zimene zimakhalitsa mumtengo masamba atayoyoka, zimadwalitsa ana ndi nkhumba zomwe.

Mtengo uli chiimire nkosavuta. Tsamba la nimu ndi kamtengo kamodzi timasamba tili uku ndi uku ngati nthenga, pomwe la indiya limagawikanso kawiri, kamtengo kakuphuka tinthambi ndiye timasamba tili pa tinthambipo. Maluwa a nimu ndi oyera, a indiya ofiirira motuwa. Vuto lanu ndi loti zonsezi zinathera mumtondo.

Apa mpamene maikulosikopu imathandiza, chifukwa ngakhale musinje bwanji khungu la tsamba silitheratu, timatsala tizidutswa. Mwanayo atenge ufa pang'ono chabe, kunsonga ya singano, auike pa kagalasi ndi dontho limodzi la madzi, avindikire ndi kagalasi kopyapyala kaja nkuyamba kuyang'ana pokuza ka 100, kenako ka 400. Afunefune tiubweya. Masamba anthete a indiya amakhala ndi tiubweya tanthambi, kamodzi kakutambasuka mbali zonse ngati nyenyezi, ukakaona koyamba sungakaiwale. Nimu alibe totere, ubweya wake ukapezeka umakhala wowongoka umodziumodzi. Ndiye akaona tinyenyezi basi ufawo si nimu yekha, mwina muli indiya, ngakhale zomera zinanso zili ndi tiubweya totere.

Koma ndikuchenjezeni, masamba a indiya akakhwima ubweyawo umathothoka, ndiye kusapeza nyenyezi sikutanthauza kuti ufawo ndi nimu weniweni, mwinanso anasakaniza ndi masamba ena. Kuti atsimikize amafunika kuthyola tsamba la nimu wodziwika ndi la indiya wodziwika, aziyerekeza zitatu zonse pamodzi aphunzitsi ali pompo.

Ndipo ngati ali ndi chidwi mwanayu musamugwetse mphwayi. Apake kyuteksi wopanda mtundu kunsi kwa tsamba, ukauma amatule ndi selotepi nkumata pa kagalasi, aona timabowo topumira tsamba. Pa nyemba tili mbalambanda paliponse ndipo timilomo take ndi topindika ngati nyemba yomweyo, pa chimanga tandandalika m'mizere ngati mbewu pa mzere. Umu ndi momwe akatswiri amasiyanitsira zomera zofanana, ndipo ku Zomba kuli National Herbarium komwe amasunga zomera zouma za dziko lino zoyerekezera.

Ufawo pakadali pano usungeni patali ndi ana. Ndipo ngati munagulira kutentha thupi, thamangani kuchipatala akayezedwe malungo, ku Mangochi udzudzu ndi wambiri ndipo mwana sachedwa kufooka, mankhwala a malungo a LA amapereka ulere m'zipatala za boma.