Kodi mtendere wa Aluya ndi Israel ukufunika olamulira ankhanza?

Sabata yatha ndalandira imelo yochokera kwa achimwene ena, aphunzitsi, amene mng'ono wawo ali m'gulu la achinyamata athu ogwira ntchito m'minda ya ku Israel. Akufunsa kuti: popeza mayiko a Aluya amene agwirizana ndi Israel akulamulidwa ndi mafumu kapena asilikali, ndipo chisankho cha Apalestina chinabweretsa Hamas, gulu la Chisilamu lokhala ndi zida, kodi si bwino dera limenelo lingokhala m'manja mwa atsogoleri oopedwa, za demokalase n'kuziiwala?

Achimwene, funsoli landikhudza pabala, chifukwa mawu omwewa ankanenedwa za ife.

Ine ndinakula nthawi ya chipani chimodzi. Mayi anga ankagulitsa tomato ndi mpiru pamsika, ndipo pachipata pankaima anyamata ofunsa khadi la chipani. Wopanda khadi sankalowa, ngakhale atasenza dengu kuchokera kutali. Tsiku lina anawabweza, tomato yense n'kuwolera pakhonde, ndipo kunyumba palibe anayankhulapo mokweza, poopa kuti wina akumvetsera kuseri kwa mpanda. Amalume anga anatengedwa usiku chifukwa cha mawu amene ananena pamowa. Atabwerako sanatiuze kumene anali, mpaka kumwalira kwawo. Agogo ankangotiuza kuti tizithokoza poti kuno kulibe nkhondo ngati ku Mozambique. Ndipo zinali zoona, kunalibe nkhondo, othawa kwawo anadzaza ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu. Koma mtendere wathuwo unali wa anthu otsekedwa pakamwa, ndipo amene ankautama kwambiri ndi amene sanaimepo pachipata cha msika.

Mayiko a azungu ankadziwa zonse. Dr Banda anakhala pulezidenti wamuyaya mu 1971, anali ndi ubale ndi boma la tsankho la South Africa kuyambira 1967, nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa ku Mwanza mu 1983, komabe nduna yaikulu ya Britain, Margaret Thatcher, anabwera kudzacheza mu 1989. Chifukwa chake chinali chimodzi: Malawi anali kumbali yawo polimbana ndi chikomyunizimu. Soviet Union itatha, kalata ya mabishopu itawerengedwa mu March 1992, Chakufwa Chihana atamangidwa, m'pamene anaimitsa thandizo lina mu May chaka chomwecho. Mu June 1993 tinavotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Anthu amene ankati sitinakonzeke anationa titafola mizere kusanache.

Tsono taonani Egypt. Pulezidenti Anwar Sadat anasainirana mtendere ndi Israel mu 1979, ndipo anaphedwa mu 1981. Hosni Mubarak analamulira zaka pafupifupi 30, dziko lili pansi pa malamulo a nthawi ya ngozi, America ikupereka madola pafupifupi 1.3 biliyoni chaka chilichonse kwa asilikali ake. Mu 2005 Condoleezza Rice, nduna ya zakunja ya America panthawiyo, anaima ku Cairo n'kuvomereza kuti kwa zaka 60 dziko lake linkafuna bata m'derali posiya demokalase, ndipo silinapeze chilichonse mwa ziwirizo. Patangotha miyezi yochepa, mu January 2006, Hamas inapambana mipando 74 mwa 132 pachisankho cha Apalestina chimene oyang'anira akunja anati chinayenda bwino. Thandizo linadulidwa, chipani cha Fatah, chimene chinagonja pachisankhocho, chinamenyana ndi Hamas mu 2007, Hamas n'kutenga Gaza, ndipo kuchokera pamenepo Apalestina sanavoterenso aphungu. Mahmoud Abbas wa Fatah anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Apalestina mu 2005 kuti alamulire zaka zinayi, koma zakazo zinatha popanda chisankho china. Anthu ambiri a ku Gaza lero anali ana kapena anali asanabadwe pamene chisankho chija chinkachitika, ndiye kunena kuti "anadzisankhira okha" n'kusenzetsa mwana mlandu wa voti imene sanaponye.

Ndisabise, Hamas si gulu la demokalase. Chitengereni Gaza silinabwererenso kwa anthu kukapempha voti, ndipo zimene linachita pa 7 October 2023, kupha anthu pafupifupi 1,200 ndi kugwira ena pafupifupi 250, ndi zoopsa zosayenera kuzikometsera. Ena mwa ophedwa ndi ogwidwa tsiku limenelo anali antchito a m'minda ochokera ku Thailand ndi ophunzira zaulimi a ku Tanzania, anthu ngati mng'ono wanuyo. Koma anthu masauzande ambirimbiri amene afa ku Gaza kuchokera pamenepo, ana ndi amayi ali momwemo, nawonso ndi anthu, ndipo amene amalira maliro a mbali imodzi yokha sindimukhulupirira pa nkhaniyi.

Chimene ndikukana kwamtuwagalu ndi ganizo lakuti wolamulira wankhanza ndiye mankhwala a magulu otere. Iye ndi amene amawalera. Mubarak anathyola zipani, manyuzipepala ndi mabungwe a antchito, ndipo malo amene sakanatha kutseka anali mzikiti. Ndiye atagwa mu 2011, ndani anali wokonzeka kupikisana? Gulu la Chisilamu la Muslim Brotherhood. Mohamed Morsi wa gululi anapambana mu 2012, analamulira molakwitsa zambiri, koma m'malo modikira kuti anthu amuchotse ndi voti, asilikali a Abdel Fattah el-Sisi anamugwetsa pa 3 July 2013. Pa 14 August anthu mazanamazana otsatira Morsi anawomberedwa pabwalo la Rabaa ku Cairo. Boma la Obama linapewa kunena kuti asilikali alanda boma, chifukwa lamulo la America likanawakakamiza kudula thandizo. Ku Algeria zinachitikanso: chipani cha Chisilamu chinatsogola mu December 1991, asilikali n'kuthetsa chisankho, dziko n'kulowa m'nkhondo ya zaka pafupifupi khumi. Wachinyamata woona zonsezi amaphunzira kuti voti ndi yachabe, ndipo wobwera ndi mfuti samuvuta kumukopa.

Za mapangano a 2020

Anthu amatama Abraham Accords, mapangano a ubale pakati pa Israel ndi mayiko ena a Aluya, ndipo ndege zikuulukadi pakati pa Tel Aviv ndi Dubai. Koma aliyense analandirapo kanthu. Morocco anapeza kuti America yavomereza ulamuliro wake ku Western Sahara, Sudan anachotsedwa pamndandanda wa mayiko othandiza zigawenga. Palibe anafunsa anthu wamba, ndipo nkhani ya malo a Apalestina inangolumphidwa. Israel nayenso ali ndi funso lake: nzika zake zimavota, kuphatikizapo Aluya okhala ndi unzika, makhoti ali ndi mphamvu, anthu anadzaza misewu mu 2023 kuteteza makhotiwo, koma Apalestina mamiliyoni a ku West Bank akhala pansi pa asilikali ake kuyambira 1967 osavotera boma limene limalamula misewu ndi madzi awo.

Ifenso Amalawi tisamatenge nkhaniyi ngati ya paguwa pokha. Ubale wathu ndi Israel ndi wakale, sitinaudule mu 1973 pamene mayiko ambiri a mu Africa anatero, ndipo ndi ubale wa boma ndi boma, wokhala ndi zofuna zake. Kukonda Baibulo sikutikakamiza kuvomereza chilichonse chimene nduna za ku Jerusalem zachita. Pakati pa Apalestina palinso Akhristu, ku Bethlehem komweko.

Yankho langa, achimwene, ndi ayi. Pokambirana ndi anzanu kusukuluko muzilekanitsa boma, gulu la zida ndi anthu wamba. Ndipo mng'ono wanuyo muuzeni asunge yekha pasipoti ndi kalata ya mgwirizano wa ntchito, adziwe pobisalira pamene pali pafupi ndi munda wake, komanso akhale ndi nambala ya ofesi ya kazembe wathu ku Tel Aviv, imene inatsegulidwa mu April 2024.