Mafogi ndi masipoti: tiziyatsa liti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Ntcheu omwe amayendetsa Sienta pakati pa Ntcheu ndi Dedza. Akuti usiku amayatsa malaiti onse, dimu, mafogi apabampa aja, kuphatikiza chi LED bar, chilaiti chachitali chowala kwambiri chomwe anaikitsa pamwamba, ndiye madalaivala amathiraki akumawaphethirira fulu mpaka ena kuwatukwana. Funso lawo ndi loti, kodi ndikulakwitsa chani poti ndikungofuna kuwona bwino?

Achimwene, mukulakwitsadi, musandikwiyire.

Tiyambe ndi mafogi, malaiti oyendera m'chifunga aja. Malaiti amenewa anawaika pansi dala, ndipo kuwala kwake kumamwazikira m'mbali osati kutsogolo patali, cholinga chake nchoti muziwona mzere wachikasu ndi m'mphepete mwa tala pamene chifunga chatseka. Malamulo apamsewu amati ayake pokhapokha njira isakuwoneka bwino chifukwa cha chifunga, nkhungu, fumbi kapena utsi, ngati uja wotentha tchire mu September. Kunja kuli mbee, nyenyezi zikuwoneka, mafogi azime basi. Sakuthandizani kuwona patali ngakhale pang'ono, m'malo mwake maso anu amazolowera kuwala kwapafupiko ndiye wanjinga amene ali patsogolo uko mumamuwona mochedwa.

Ndipo ife a kuno sitingadandaule kuti mafogi tinangogulira chabe. Aliyense amene anadutsa pa Bembeke kapena pa Lizulu m'mamawa mwezi wa June kapena July akudziwa momwe chimakhalira, Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndiye chifunga chimangokhala pamsewu penipeni, nthawi yomweyo amayi ali kale m'mbali ndi madengu a mbatatesi ndi kabichi, akabaza akudumpha msewu, ana asukulu ali pomwepo. Apa ndi pamene muyatse dimu pamodzi ndi mafogi nkuchepetsa liwiro. Fulu ayi. Ine ndinayesapo tsiku lina ndikutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, ndinangowona khoma loyera kutsogolo kwanga, chifukwa timadontho tamadzi timabweza kuwala konse m'maso mwako. Ndinabwerera pa dimu mtima uli phaphapha.

Palinso fogi yakumbuyo, yofiira kwambiri ija. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan alibe, koma a ku UK ndi ku Ulaya amakhala nayo. Babu yake nthawi zambiri ndi ya mawati 21, chimodzimodzi ya mabuleki, pomwe laiti wamba yakumbuyo ndi mawati 5 okha. Mukaiiwala chiyakire wakumbuyo amathobwa m'maso komanso sazindikira msanga mukaponda buleki. Pa dashibodi muziyang'ana, kachizindikiro kobiriwira ndi fogi yakutsogolo, kachikasu ndi yakumbuyo, kabuluu ndi fulu.

Tsopano chi LED bar chanucho, apa ndiye pagona nkhani. Masipoti ndi ma bar ntchito yake ndi yofanana ndi fulu, kuwunikira patali pamene muli nokha mumsewu wamdima, ndiye amayenera kulumikizidwa mwakuti mukabwerera pa dimu nawonso azime okha. Ambiri amaikitsa ndi switchi yakeyake kwa amakaniki apansi pamtengo, ndiye munthu wadima bwinobwino koma bar ikadali ngwee, mnzanu wathiraki yamafuta akuchokera ku Beira sakuwona kalikonse kwa masekondi angapo, ndipo M1 yathuyi mukuidziwa kuchepa kwake ndi m'mbali modyeka muja. Mukawona galimoto ikubwera, dimani. Mukamatsatira ina pafupi, dimaninso, magalasi ake amamubwezera dalaivala wake kuwala kwanu. Pa trading centre ngati pa Tsangano turn-off pomwe pali anthu ambiri, fulu ndi yosafunika.

China chomwe simunafunse koma chimandinyansa, ndi awa oyenda ndi mahazadi mu chifunga. Mahazadi ndi a galimoto yomwe yaima kapena yafa, mukamayenda nawo wakumbuyo sadziwa ngati mwaima, komanso indiketa yanu siiwoneka mukamakhota.

Ndiye pitani kwa wamagetsi agalimoto akalumikize bar ija ku waya wa fulu kudzera pa relay, kaswitchi koyatsa ndi kuzimitsa kokha, ndipo akakuwonereninso ngati dimu yanu sikuloza m'mwamba, poti Sienta ikadzaza anthu ndi matumba a mbatatesi kumbuyo imakhala pansi ndipo mphuno imadzuka. Mwina enanso amakuphethirirani chifukwa cha chimenecho.