Ndikamuopseza sathawa, ndikagwira makadi abwino iye amathawa

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene wangoyamba kumene kusewera Texas Hold'em (mtundu wa poker, masewera obetcha mmene aliyense amalandira makadi awiri ndipo ena asanu amaikidwa poyera patebulo) ndi msuweni wake, awiriwiri, madzulo akaweruka ku ntchito. Dandaulo lake ndi ili: "Ndikachita bluff (kubetcha ngati ndili ndi makadi abwino pamene ndilibe kanthu), msuweni wanga sathawa, amanditsatira mpaka khadi lomaliza. Koma ndikagwira makadi abwino amangotaya ake, ine osadyapo kanthu. Kodi nkhope yanga ndi imene imandiulula? Nanga bluff ndizichita kangati?"

Achimwene, zikomo polemba. Sindikhulupirira kuti vuto ndi nkhope. Chimene chimaulula wophunzira nthawi zambiri ndi kukula kwa kubetcha kwake. Mukakhala mulibe kanthu mumaponya pang'ono chifukwa mtima ukuwawa kutaya zambiri, ndipo mukagwira zabwino mumakankha mulu wonse ndi chimwemwe. Msuweni wanuyo sakufunika kukuyang'anani m'maso, akungowerenga ma chip, tizidutswa timene mumabetchera. Ine ndinaphunzira masewerawa ndi mnzanga pakhonde, tikubetcherana njere za chimanga, ndipo anandiuza patapita miyezi kuti ndikamanama ndinkawerenga njerezo imodziimodzi, koma ndikakhala ndi zabwino ndinkangotapa ndi dzanja. Choncho choyamba nchakuti musankhe muyezo umodzi, tinene theka la poti (zonse zimene zabetchedwa kale pakati) kapena magawo awiri mwa atatu, ndipo muzibetcha womwewo kaya muli ndi kanthu kaya mulibe.

Tsopano tione chimene chimasiyanitsa masewera a awiri ndi a patebulo lodzaza. Pa anthu asanu ndi anayi, mukhoza kukhala phee kudikira makadi akuluakulu. Pa awiri simungatero, chifukwa dzanja lililonse mukulipira blind (kubetcha kokakamiza musanaone makadi), ndipo wodikira amatha pang'onopang'ono ngati sopo. Makadi awiri ofanana, monga 8 ndi 8, amabwera kamodzi pa maulendo 17 basi. Ndipo munthu amene wagwira makadi osafanana amapeza lofanana nalo pa flop (makadi atatu oyamba oikidwa poyera patebulo) pafupifupi kamodzi pa katatu. Ganizirani bwino pamenepa: kawiri pa katatu, msuweni wanu flop yamuphonya, monga mmene imakuphonyerani inunso. Mpake kuti Ace yokha, kapena King yokha, nthawi zambiri imakhala ikutsogola ngakhale isanagwirizane ndi chilichonse.

Malo okhala nawonso ndi chuma. Mukakhala pa button, malo a wogawa makadi, mumalipira blind yaing'ono, mumayamba ndinu flop isanabwere, koma kuchokera pamenepo mumakhala womaliza kulankhula. Mumaona kaye zimene mnzanu wachita. Pa button muzikweza ndi makadi ambiri, kuwirikiza kawiri kapena kawiri ndi theka blind yaikulu, ndipo ma bluff anu ambiri azichokera pomwepo.

Funso lanu lakuti kangati lili ndi masamu ake, ndipo ndi osavuta. Tinene kuti pakati pali 100, inu mwabetcha 50 mulibe kanthu. Mukayesa katatu, mnzanu nkukutsatirani kawiri, mwataya 100. Akathawa kamodzi, mwatenga 100. Mwabweza. Ndiye kuti bluff ya theka la poti ikufuna kuti mnzanu athawe koposa kamodzi pa katatu kuti ikupindulireni. Mukabetcha 100 yonse pa poti ya 100, ayenera kuthawa koposa theka la maulendo. Pa khadi lomaliza, limene amati river, akatswiri akabetcha poti yonse amayesetsa kuti pa kubetcha kutatu, kuwiri kukhale kwa makadi enieni, kumodzi kokha kwa bluff. Chifukwa chake nchakuti wotsatira akulipira 100 kuti apate 200, ndipo pa muyezo umenewo kutsatira ndi kuthawa zimamupatsa zofanana.

Koma bluff imene ndimafuna wophunzira ayambire ndi ija yokhala ndi khomo lotulukira. Mwagwira makadi awiri a ♥, pa flop pagwa ena awiri a ♥. Pakali pano mulibe kanthu, koma mwa makadi amene simunawaone muli 9 okupatsani flush (makadi asanu a mtundu umodzi), ndipo mwayi woti limodzi ligwe pofika pa river ndi pafupifupi 35 peresenti. Mukabetcha pamenepa muli ndi njira ziwiri zopambanira: athawe pompano, kapena akutsatireni khadi lanu nkugwa.

Bluff yotchuka ya Chris Moneymaker inayamba chonchi. Mu 2003, pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas, mwa anthu 839 anatsala iye ndi Sam Farha. Moneymaker anagwira K♠ 7♥, Farha Q♠ 9♥. Flop inabwera 9♠ 2♦ 6♠, onse awiri osabetcha, ngakhale Farha anali ndi ma 9 awiri. Khadi lachinayi linali 8♠. Farha anabetcha, Moneymaker nkukweza. Anthu ambiri amangokumbukira kulimba mtima kwake, koma taonani makadiwo: spade (♠) ina iliyonse ikanamupatsa flush, ndipo 5 kapena 10 ikanamupatsa straight (makadi asanu otsatizana manambala). Pa river panagwa 3♥, zonse zinamuphonya, iye nkukankha ma chip ake onse. Farha analingalira nthawi yaitali nataya makadi amene anali opambana. Anataya chifukwa nkhani imene Moneymaker ankafotokoza inali yomveka: patebulo panali ma spade atatu ndi 6, 8, 9, ndipo anali atayamba kale kuonetsa mphamvu pa khadi lachinayi. Moneymaker anapambana mpikisanowo ndi madola 2.5 miliyoni. Musanachite bluff, dzifunseni kuti mukunamizira kukhala ndi makadi ati, komanso ngati munthu wokhala ndi makadi amenewo akanasewera monga mwasewerera inu kuyambira pachiyambi.

Apa ndiime kaye. Zonsezi muziphunzira ndi nyemba, zitsekerero za mabotolo kapena ma chip aulere a pa foni. Ndalama ya ufa kapena ya fizi isafike patebulo, chifukwa ngakhale wosewera bwino amatha kuluza madzulo angapo otsatizana, ndipo munthu wofuna kubweza zimene wataya saonanso masamu.

Tibwerere kwa msuweni wanu. Ngati nzoona kuti sathawa ngakhale mutakonza muyezo wa kubetcha, ndiye kuti mwapeza munthu wosavuta kumugonjetsa, ndipo mankhwala ake ndi kusiya kumuopseza. Bluff imadya pa munthu wodziwa kutaya makadi. Kwa wosathawa, muzibetcha mukakhala ndi kanthu, ngakhale kochepa. Flop ikabwera K, 9, 4 inu muli ndi 9, betchani, chifukwa iye adzakutsatirani ndi 4 kapena ndi Ace yokha. Mukaphonya, dutsitsani mwakachetechete, musataye chip ngakhale imodzi.

Kwa madzulo atatu akubwerawa, khalani ndi kapepala pambali. Nthawi iliyonse mukabetcha theka la poti pa flop, chongani ngati wathawa kapena watsatira. Mukafika maulendo 30, werengani. Akathawa koposa 10, pitirizani kumuopseza pa flop. Akapanda kufika pamenepo, dikirani makadi ndipo muzimulipiritsa. Mudzandilemberenso kundiuza nambala imene mwapeza.