Anandizula dzino Lolemba, bwanji ululu wakula Lachinayi?

FUNSO: Anamwino, ine ndimagwira ntchito ya zomangamanga kuno ku Joni. Lolemba anandizula dzino lakumapeto la m'munsi. Usiku womwewo ndinachukucha mwamphamvu ndi madzi a mchere kuti pabala payere, ndipo Lachiwiri ndinabwerera kukanyamula simenti poti tsiku lojomba salipira. Fodya ndimasutako. Poyamba zinali bwino, koma kuyambira Lachinayi kukuwawa mpaka kukhutu ndipo m'kamwa mukununkha. Mnzanga akuti ndithire Grand-Pa pa dzenjepo. Nditero? Ndine wowerenga wanu wa ku Rosettenville.

YANKHO: Pepani kwambiri achimwene, ululu umenewo ndi wosagonetsa tulo. Koma Grand-Pa ayi, chonde musathirepo. Mu ufa umenewu muli aspirin, ndipo aspirin akakhala pa nkhama amawotcha mnofu, n'kukuwonjezerani chilonda china. Ngakhale womwa, amachedwetsa kuundana kwa magazi, choncho si wabwino kwa munthu amene wangozulidwa dzino. Disprin ndi chimodzimodzi.

Dzino likachoka, m'dzenjemo mumadzaza magazi n'kuundana. Anthu ambiri akaona chinthu chakudacho amayesa ndi uve, amayamba kuchichotsa ndi lilime kapena kuchukucha. Chonsecho magazi oundanawo ndiwo chivundikiro cha bala. Amaphimba fupa ndi mitsempha, ndipo mnofu watsopano umamera kuchokera pamenepo. Akachoka msanga fupa limakhala pamtunda, mpweya ndi chakudya n'kumalikhudza. Madokotala a mano amati dry socket. Imakonda kuyamba pakatha masiku awiri mpaka anayi, makamaka pa mano akumapeto a m'munsi, ndipo osuta fodya ndi amayi omwa mapiritsi olera ndiwo imawagwira kawirikawiri. Zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi vutoli.

Bwererani kumene anakuzulaniko, mawa lomwe. Musaope kuti akakuzulani lina kapena akakukalipirani. Dokotala amangotsuka m'dzenjemo n'kuikamo kathonje ka mankhwala, ndipo ambiri ululu umawachepera tsiku lomwelo. Ngati kumeneko n'kovuta, pitani ku kiliniki ya boma ya m'dera lanu yomwe imaona za mano. Mavuto aakulu amawatumiza ku zipatala zazikulu, monga Wits Oral Health Centre ku Parktown. Nkhani ya malipiro ndikuimvetsa, tonse tinabwera kuno kudzasaka ndalama ndipo kumudzi akudikira. Komabe kujomba m'mawa umodzi kuli bwino kusiyana ndi kuvutika sabata yathunthu musakugona, musakudya. Musawonongenso ndalama kugula maantibayotiki kwa anzanu, chifukwa sabwezeretsa magazi amene achokawo. Dokotala akaona mafinya adzakulemberani yekha.

Usiku uno imwani Panado, mapiritsi awiri a 500mg, koma osapyola asanu ndi atatu pa maola 24. Mungaonjezere ibuprofen mutadya kaye, pokhapokha ngati mulibe zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena mphumu. Dziwaninso kuti mu Grand-Pa muli paracetamol, yemweyo wa mu Panado, ndiye kuphatikiza ziwirizi kungapweteke chiwindi. Fodya muyambe mwamusiya mpaka bala litseke.

Kwa ena amene mukukonzekera kukazulitsa, tsiku loyamba ndilo lofunika kuposa onse. Lumani thonje lomwe akupatsani kwa mphindi 30 mpaka 45 osayankhulayankhula. Magazi akamatulukabe, lumani lina loyera, kapena kathumba ka tiyi wakuda konyowetsa. Kwa maola 24 musachukuche, musalavule mwamphamvu, musamwere m'kapaipi, musamwe mowa kapena tiyi wotentha, ndipo katundu wolemera asiyeni, chifukwa kudzipanikiza kumayambitsanso magazi. Pogona mutu ukhale pamwamba pang'ono. Tsaya likatupa ikanipo nsalu yokulunga ayisi kwa mphindi 15, n'kupumira. Kutupako kumakula mpaka tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako kumaphwa.

Madzi a mchere aja si oipa, achimwene, nthawi yake ndi imene inali isanakwane. Amayamba tsiku lotsatira: theka la supuni yaing'ono m'kapu ya madzi ofunda, kuwasunga m'kamwa, kupendeketsa mutu uku ndi uku, n'kuwasiya atuluke okha. Muzitero mukatha kudya. Mano enawo tsukani ndithu ndi mswachi, kungolambalala pabalapo.

Chakudya chikhale chofewa ndi chozizirira: phala, nthochi, mazira, chambiko, mbatata yophwanya. Nsima yofewa ndi ndiwo za msuzi ilibe vuto mukamatafunira mbali inayo. Mtedza, chimanga chokazinga, mpunga ndi tsabola zidikire, poti timaduka n'kulowa m'dzenjemo. Nkhama zimatseka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, pamene fupa limatenga miyezi kuti lidzaze. Odwala shuga ndi omwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, muuzeni dokotala asanagwire dzino.

Pali zizindikiro zina zomwe sizidikira kuti kuche. Thupi likatentha, kutupa kukamatsikira kukhosi kapena kukwera kudiso, mukamalephera kumeza kapena kupuma, ngakhalenso magazi akakana kusiya mutaluma thonje kangapo, thamangirani ku chipatala usiku womwewo. Ambulansi mungayiitane pa 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja.