Mphete ya agogo anu isakhudzidwe ndi tupa

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera kuti agogo ake anamusiyira mphete ya mwala wofiira, ndipo mkati mwake munadindidwa 15ct (ct ndi karati, muyeso wa kuchuluka kwa golide m'chitsulo). Akufuna kudziwa kuti ndi ya liti, ngati ndi golide weniweni, komanso mwalawo ndi wamtundu wanji. Kumapeto kwa kalata wanena kuti pali bambo wina wogula golide wakale amene wamuuza kuti apite nayo akaiyese. Mayi, mawu omalizawa ndi amene andisowetsa mtendere. Chonde musapite nayo kumeneko.

Azakhali anga anali ndi mphete imene amuna awo anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg nthawi ya Wenela, ndege ija isanagwe ku Francistown mu 1974 n'kuchititsa boma kuimitsa zotumiza anthu kumigodi. Anaigula kwa munthu ili yakale kale. Azakhali ankaisunga m'kachitini ka mafuta odzola ataikulunga m'kansalu, ndipo inkatuluka pa Khrisimasi ndi pa maukwati basi. Amunawo atamwalira, fizi ya mwana wawo wa Fomu 3 inavuta. Ine ndinawaperekeza m'tauni kwa munthu wina amene ankakhala pakhonde la sitolo ali ndi kasikelo, kabotolo ka asidi, tupa ndi pulayala.

Zimene anachita ndimaziona m'maso mpaka lero. Anakwecha m'mbali mwa mphete ndi tupa mpaka panachita mpata, n'kudonthezapo asidi. Kenako anakanula timano togwira mwala ndi pulayala, mwala n'kugwera patebulo. Anautola, kuuyang'ana padzuwa, nati, "Mayi, ili ndi botolo chabe." Koma botolo lakelo sanatibwezere. Analiika m'kabokosi ka machesi n'kulowetsa m'thumba la malaya. Golide anamuika pasikelo, anawerenga ndalama, azakhali analandira ndi manja awiri, mpaka kuthokoza. Njira yonse yobwerera sanayankhule. Fizi inalipidwa ya teremu imodzi.

Mkati mwa mphete ija munali timadindo timene ndinkakonda kutiyang'ana ndili mwana: kanangula, nambala 375, ndi chilembo chimodzi. Ndinadzamva ndili wamkulu kuti nangula ndi chidindo cha ofesi yoyesa golide ndi siliva ya ku Birmingham, imene inatsegulidwa mu 1773. Nambala 375 imatanthauza kuti pa magawo 1,000 a chitsulocho, 375 ndi golide, ndiye 9ct. Chilembo chija chimanena chaka chimene mphete inayesedwa. Ndiye kuti mphete inali itanena kale zonse. Tupa panalibe chifukwa chake, asidi panalibe chifukwa chake. Munthu uja ankadziwa kuwerenga timadindoto, sindikukayika n'komwe. Ankafuna kuti mphete iwonongeke kaye pamaso pa mwini wake, chifukwa mphete yokwechedwa, yopanda mwala, mayi wamasiye sangabwerere nayo kunyumba.

N'chifukwa chake ndimakana kwamtuwagalu kuti wogula akhalenso woyesa. Fisi sapatsidwa ntchito yowerenga mbuzi. Wogula golide wakale amagula kulemera kokha, chifukwa cholinga chake n'kukasungunula. Luso la mmisiri, zaka za mphete, mwala, zonsezi kwa iye ndi zaulere. Ndipo ambiri a ife timapita kwa anthu amenewa titapanikizika ndi maliro kapena matenda, nthawi imene sitingathe kukana mtengo.

Chimandipwetekanso n'chakuti tikukhala pamwamba pa miyala imeneyi koma sitikuidziwa. Pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu pamapezeka ruby, mwala wofiira wamtengo wapatali, ndi sapphire. Ku Mzimba kumatuluka aquamarine. Anzathu a ku Zambia ali ndi emerald wa ku mgodi wa Kagem ku Lufwanyama, ndipo ku Montepuez ku Mozambique anapeza ruby mu 2009 amene tsopano akugulitsidwa dziko lonse. Koma mwana amamaliza sekondale asanagwirepo kagalasi kokuzira zinthu, osadziwa kusiyanitsa mwala ndi phale la botolo. Wokumba kumudzi amagulitsa mwala potengera mawu a wogula, chimodzimodzi azakhali anga pakhonde paja. Izi zinayenera kuphunzitsidwa, makamaka m'maboma mmene miyalayi imapezeka.

Za chitsulo ndi zaka

Tibwere pa mphete yanu, mayi. Chidindo cha 15ct ndi nkhani yabwino. Ku Britain golide wa 15ct analoledwa mu 1854 pamodzi ndi 9ct ndi 12ct, ndipo mu 1932 anathetsa 15ct ndi 12ct n'kuika 14ct m'malo mwake. Ngati mphete yanu ndi ya kumeneko ndipo chidindo n'choona, inapangidwa pakati pa zaka zimenezi, golide wake ndi magawo 625 pa 1,000. Yang'anani bwino ngati pali timadindo tina. Mutu wa nyalugwe ndi London, nangula ndi Birmingham, nyumba yachifumu ya nsanja zitatu ndi Edinburgh. Mukapeza chilembo chimodzi m'kabokosi, chijambuleni bwino, chifukwa kalembedwe kake ndi maonekedwe a kabokosiko ndi zimene zimasiyanitsa chaka ndi chaka, ndipo ndandanda wake ulipo pa intaneti. Mukapanda kupeza musadandaule, mphete zambiri za miyala nthawi imeneyo zinkangodindidwa nambala yokha. Mukaona GP, GF kapena RG, ndiye kuti golide ndi wongokuta pamwamba. Maginito akaikoka si golide, koma akapanda kuikoka musasangalale msanga, mkuwa nawonso sukokedwa.

Mwala ndiye wovutirapo, ndipo ukale wa mphete sutsimikiza kanthu. Mu 1902 Auguste Verneuil wa ku France analengeza njira yopangira ruby ndi moto, moti mphete ya golide weniweni ya 1910 ikhoza kukhala ndi ruby wopanga. Mwala wanu ukhozanso kukhala garnet, mwala wina wofiira amene ankakondedwa kwambiri nthawi ya Mfumukazi Victoria, kapena galasi. Pezani kagalasi kokuza zinthu maulendo 10. Timathovu tozungulira mkati timasonyeza galasi kapena mwala wopanga, mizere yokhota ndi ya mwala wopangidwa m'njira ya Verneuil, pomwe timizere toongoka ngati singano timapezeka mu ruby wachilengedwe. Ngodya zikakhala zoperepeseka ndi zokandika paliponse, kaikirani galasi, poti ruby ndi wolimba, ali pa 9 pa muyeso wa Mohs woyesera kulimba kwa miyala, pomwe dayamondi ali pa 10. Tochi yoyesera ndalama zachinyengo ija imathandizanso: ruby, wachilengedwe ndi wopanga yemwe, kawirikawiri amawala mofiira mumdima, garnet sawala.

Musaitsuke ndi mankhwala a mano, ndipo ngati kumbuyo kwa mwala n'kotseka musaiviike m'madzi, chifukwa ena ankaikako kapepala konyezimira kamene kamada kakanyowa. Jambulani mphete mbali zonse, muiyeze kulemera, mulembe. Poti muli ku Zomba, kafunseni ku ofesi ya Geological Survey kuti akuuzeni amene angayese mwalawo osauchotsa. Kulikonse kumene mungapite nayo, iyesedwe inu mukuona, ndipo isagone kumeneko.