Zipangizo zopangidwa kuno zikhoza kugwira ntchito za boma

Achimwene, mwafunsa ngati kukakamiza makontrakitala a boma kugula zipangizo zomangira zopangidwa kuno sikungatipatse masukulu ndi zipatala zosalimba. Nkhawa yanu ndi yomveka, koma simenti tili naye. Shayona akupanga ku Kasungu, Cement Products ku Njereza ku Mangochi, ndipo miyala ya laimu akukumba konkuno. Thumba lililonse lomwe boma lagula kwa iwowa ndi madola omwe sanatuluke m'dziko, chonsecho ndalama zakunja zikusowa mpaka mafuta a galimoto timachita kugonera pa mzere.

Vuto lenileni lili pa kuyeza. Kuyambira 2018 malamulo omwe linakhazikitsa bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC amaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma, choncho mabuloko a simenti ali ndi msika waukulu muno mu Lilongwe. Koma oumba ena amachulutsa mchenga, buloko n'kumanyenyeka ukangolikanda ndi chikhadabo. Zoterezi injiniya azizibweza pomwepo, a Malawi Bureau of Standards aziyeza boma lisanalipire munthu.

Pa malata pokha tisanamizane. Chitsulo chake chimachokera kunja, kuno timangochipinda ndi kuchidula, ndiye madola amatulukabe.